Mwana Mmodzi, Makhadi Awiri

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza ndili kale ndi zidzukulu, imvi zitamera, mano awiri atapita. Zinali zaka zija titangoyamba kuvota mosankha zipani, aliyense akuyankhula mokweza pamsika. Mdzukulu wanga Limbani anabwera kuchokera kusukulu ya m'tauni ataphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kachipatala kena kufupi ndi Nathenje kanamulemba ntchito. Atamva kuti akufunanso wosesa anati, "Agogo anga akasesa, nyerere imasowa ponyamula." Basi, ine ndalowa. Ndinavina pakhomo, ndinavina pamsewu, ndinavina ndi tsache lomwe.

Ndinkasesa, ndinkapukuta kompyuta ndi kansalu kouma, madzi ayi, ndipo ndinkakweza ana pa sikelo. Mwana timamuveka kabudula wa zingwe, n'kumukoleka pa mbedza ya sikelo yopachika mumtengo, anamwino n'kuwerenga, n'kulemba pa khadi ndi m'kaundula. Khadi limapita ndi mayi, kaundula amapita kwa Limbani. Lachinayi tinkakwera galimoto kupita ku Mitundu kukayeza ana a matenanti a m'maesiteti a fodya.

Mmene ankaikondera kompyutayo Limbani ameneyu, inu. Galasi lakuda, tizilembo tobiriwira, iye kumwetulira ngati waona chibwenzi. Anandiuza kuti, "Agogo, ndikuiphunzitsa kuti mwana akatsika sikelo katatu motsatizana, itulutse dzina lake papepala, alandire ufa wa phala asanadwale." Ankadina mabatani akuimba muluzi. Ine kutchalitchi ndinkauza aliyense, ofuna kumva ndi osafuna omwe.

Koma magetsi ankathima, ndipo akathima iye asanasunge pa diski, ntchito ya m'mawa wonse inkapita. A Chimwaza, mkulu wa chipatala, sabata iliyonse ankabwera ndi chatsopano. "Onjezeramo za katemera. Onjezeramo za amayi oyembekezera. Si kungodina basi?" Printa ikatafuna pepala, Limbani. Wailesi ya anamwino ikafa, Limbani. Loweruka ali pomwepo, Lamulungu ali pomwepo. Muluzi unatha. Mbatata yomwe ndinkamuphikira inkauma patebulo. Tsiku lina anati, "Agogo, ndikatsinzina ndimaona zilembo zikuyenda. Ndikaphenya sindifunanso kuziona." Ine ndinati amwe madzi ambiri. Ndi nzeru yomwe ndinali nayo imeneyo, madzi.

Tsiku lovuta linafika Lolemba, nthawi yosankha fodya. Agogo ena anabwera ndi mwana kumbuyo, mapazi otupa, tsitsi lofiirira, kulira kwake ngati kamphaka. Khadi lake linati Yosefe. A Chimwaza anatenga pepala lomwe kompyuta inatulutsa sabata imeneyo, anayang'ana, anayang'ananso, Yosefe mulibe. Analowa kwa Limbani chitseko chili chotsegula, amayi onse pabenchi akumva.

"Makina akowa atidyera miyezi ingati? Mwana uyu ali pati papepala lako?"

Limbani anafufuza. "Wayezedwa kawiri kokha, bwana. Pulogalamu imafuna atsike katatu."

"Ndiye tiwauze agogowa kuti mwana adikire pulogalamu?"

Limbani anachotsa manja pa mabatani n'kuwaika pamiyendo. Sanalire, sanakwiye. Anangokhala, maso pagalasi, ngati munthu wodikira basi yomwe akudziwa kuti sibwera.

Tsono ine mwanayo ndinkamudziwa. Ndinamukweza ndi manja angawa ku Mitundu ali Kondwani, ndinamukweza ku Nathenje ali Yosefe. Kwathu kuno mwana amatha kukhala ndi dzina la akuchikazi ndi dzina la akuchimuna, ndipo mbali iliyonse imakakamira lake. Mayi ake anali kuesiteti ndi khadi la Kondwani. Fodya akachuluka ankamutumiza kwa apongozi awo, agogo aja, ndipo apongoziwo anadulitsa khadi lina, la Yosefe. Kompyuta inawerenga ana awiri, aliyense woyezedwa kawiri. Manja anga anamva mwezi ndi mwezi kuti mwanayu akupepuka. Koma ndinati, ine wa tsache, wolemba dzina langa movutikira, ndikauze chiyani makina ochokera kunja? Ndinkayesa amadziwa.

Ndinayedzamiritsa tsache kukhoma n'kunena zonsezi.

Limbani anatembenuka pang'onopang'ono. "Agogo, mumadziwa?"

"Nanga unandifunsa?"

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Mwana watopa mpaka m'mafupa, ine n'kumuponyera mlandu kuti ndidzitchinjirize.

Masana onse tinakhala limodzi, ine pampando wa a Chimwaza, eni ake ataimirira. Iye ankawerenga mayina pagalasi, ine ndinkayankha. Uyu ndi yemwe uja wa anaPhiri a kumadimba. Uyu Mitundu amati Chifundo, kuno amati Esitere. Limbani anatsegula malo atsopano mu pulogalamu olembamo dzina lachiwiri, mfunda wa mayi ndi mudzi, n'kulumikiza makhadi. Printa italira, papepala panatuluka ana ena anayi omwe ankatsika sikelo mobisika. A Chimwaza anangoti, "Mwaona? Sinali nkhani yovuta." Ndikanakhala ndi mano onse ndikanawakukuta.

Yosefe uja, Kondwani uja, anagonekedwa ndipo anachira. Koma Limbani kutha kwa mwezi anasiya ntchito. Ndinamunyengerera, ndinati zakonzeka, ndinati anthu akukutama. Iye anati, "Sindikuthawa makina, agogo. Ndimawakondabe. Koma ndikakhala pano mwezi wina ndidzadana nawo, ndipo ndilibe china chomwe ndimakonda chotere." Anapita kwa amalume ake ku Malingunde, analima chimanga dzinja lonse osakhudza batani ngakhale limodzi. Patapita chaka anabwerera m'tauni, ndipo akulembabe mapulogalamu, koma kuchipatala kuja sanapondekonso.

Ine ndinatsala ndi mkwiyo. Ndinakwiyira magetsi, ndinakwiyira a Chimwaza, koma kwambiri ndinakwiyira pakamwa pangapa, poimba nyimbo tsiku lonse koma potseka pa chinthu chimodzi chofunika. Zomwe manja akukuuza, nena, ngakhale usanafunsidwe, ngakhale uli wa tsache.

A Chimwaza atalemba ntchito munthu wina wa kompyuta, bambo wa tayi wochokera ku Lilongwe, ndinamupeza m'mawa woyamba akufuna kuyatsa. Ndinati, "Achimwene, musanayatse, khalani pansi ndikuuzeni mmene timatchulira ana kuno." Anaseka, nayang'ana kukhomo ngati wina abwera kudzandichotsa. Ine ndinakoka mpando, ndipo sindinadzuke mpaka anatulutsa cholembera.