Ulendo Wokamva Mawu a Malemu Mkazi Wanga

Loweruka limenelo ku Govan, kumene ndimakhala kuno kwa azungu, kunkawaza kamvula, ndipo kokhomera zombo kunkamveka kugogoda kwa zitsulo. Ndinatseka chitseko 1 koloko masana, nditavala suti ya kutchalitchi.

Akulu anzanga a mpingo anali atandiletsa ulendowu. Mwana wanga Tadala amapanga nyimbo zotchedwa jungle, ndipo anatenga mawu a malemu mayi ake pa kaseti ya kwaya n'kuwaika m'nyimbo yake. A Gondwe, mmodzi wa akuluwo, anati mwanayo akuvinitsa maliro, ndipo ndikapita kukamvera ndisadzawerengenso Mawu kutsogolo. Ndinawayankha kuti sindiweruza chimene sindinamve.

Ndinakwera basi, imene sindilipira poti ndili ndi khadi la okalamba. Ndinakhala ndi mzungu wina wowotcherera zitsulo, amene atamva kumene ndikupita anaseka suti yanga. Anati iye anavina jungle ali mnyamata. Inayambira ku London, makamaka pakati pa ana a anthu ochokera ku Jamaica. Ankadula kachigawo ka ng'oma pa zimbale zakale n'kukathamangitsa, pansi pake n'kuyala besi yolemera ya rege.

"Musamvere ndi makutu," anatero potsika. "Mverani ndi chifuwa."

M'tauni ndinamwa tiyi wa mapaundi awiri, wofanana ndi madzi otsukira kapu, kenako ndinakwera sitima ya ku Dennistoun.

Ndinafika pa kaholo kaja cha m'ma 3. Mtsikana wa pakhomo anandipatsa totseka m'makutu, ine n'kutiika m'thumba. Ng'oma zinkagwa ngati matalala padenga la malata, kuthamanga, kupunthwa, kudzukanso. Besi inkanjenjemeretsa mabatani a jekete. Mwadzidzidzi kunangoti zii, mkazi wanga n'kuyamba kuimba ndi mawu ake osasa aja. Achinyamata osadziwa Chichewa anakweza manja. Ng'oma zitabwerera sizinamukwirire, zinamunyamula.

Atamaliza, Tadala anandipeza nditagwira khoma.

"Adadi, mwabwera? Nanga a Gondwe?"

"A Gondwe asiye. Bwereza ya mayi ako."

Pobwerera ndinakumbuka kuti kaseti ija inakhala zaka zinayi m'kabati mwanga, ine ndikuiopa. Amene analimba mtima ndi mwana.

Lamulungu ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, Mawu anawerenga wina. Potuluka akuluwo anaima pakhomo kudikira kuti ndipepese. Ndinawapatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi. Sindinapepese, ndipo Tadala akadzaimbanso ndidzavala suti yomweyi. Koma iwo ndinawakhululukira.