Mbatatesi za Amalume ndi Pulogalamu Yosadziwa Kukana

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo yandikalambitsa msanga. Zaka zimenezo ndinkagwira ku kagulu ka alimi a mbatatesi, m'kachipinda kozizira ku Namacula. Pulogalamu ndinaipeza kale. Woilemba anali atapita ku Maputo, ndipo foni sankayankha.

Gululo linali ndi kamiyawu, ndiye kuti lole, imodzi yokha yonyamula mbatatesi kuchokera ku Lione. Lamulo linali lakuti iziyambira kwa amene wakolola zambiri. Mlimi ankatumiza uthenga pafoni wonena matumba ake, pulogalamu n'kuwaika pamzere.

Koma abale, chiyankhulo chimene anailembera pulogalamuyo! Zilipo ziyankhulo za kompyuta zimene zimayamba zakufunsa kuti ichi ndi nambala kapena mawu, ndipo ukasakaniza zimakana usanayambe n'komwe. Chathuchi chinali ngati mkamwini wamantha, chilichonse n'kuvomera. Uchipatse nambala, eya. Uchipatse mawu pamalo pa nambala, eya. Usiye popanda kanthu, eyabe. Chikalakwa sichilira, chimangopitiriza mwaulemu. Ndinawauza akuluakulu kangapo kuti tiilembenso, iwo ankangoti chikuyenda usachigwire. Ndinatopa, ndinasiya kunena.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, amalima ku Lione kuyambira pamene anabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Chaka china zinawayanja. Anakolola matumba 120, chinthu chimene m'gululo chinali chisanachitikepo. Ogula a ku Nampula anafika pakhomo ndi galimoto yawo, iwo n'kuwabweza.

“Mphwanga ndi amene amayendetsa makina a gulu,” anawauza motero, anthu akumva. “Kamiyawu iyambira pano.”

Sinayambire pamenepo. Manambala ochokera pafoni pulogalamu inkawasunga ngati mawu, ndipo mawu amaikidwa pamzere poona chilembo choyamba. Kwa iyo 95 inali yaikulu, 80 inali yaikulu, koma 120, poti imayamba ndi 1, inali kumunsi. Zaka zonse sizinkaoneka chifukwa palibe ankafika pa 100, ndipo a matumba ochepa kwambiri ankabweretsa okha panjinga. Amalume anaikidwa kumchira.

Ine ndinali ku Cuamba kukakonza kompyuta ina, sindinkadziwa kanthu. Iwo sanandiimbire. Ankati kufunsa kungakhale ngati sandikhulupirira. Anangodikira, matumba ali pansi pa lona, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Paja mvula ikakuona litsiro sikata.

Nditabwerako ndinapeza dzina la amalume lili kumchira, ndipo vutolo ndinalikonza pa mzere umodzi. Umodzi basi! Tiyi amene ndinathira ndisanayambe anali asanazizire. Ndinakwiya kwambiri, koma ndikanakwiyira ndani? Amene anapanga chiyankhulocho ali kutsidya kwa nyanja, ndipo ankangofuna kuti olemba tisamavutike ndi mafunso.

Ndinakwera njinga yamoto kupita ku Lione. Fungo linandilandira ndisanafike pabwalo. Amalume ndi akazi awo ankasankha zimene zinatsala, zowola akutaya m'dzenje kuseri kwa khola. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, za nambala ndi za mawu. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikuyankhula zopanda mchere.

Amalume anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anapukuta manja pa thalauza.

“Ndiye makinawo anaona kuti n'zosayenera, koma sananene?”

“Sanena, amalume. Anapangidwa choncho.”

Anangogwedeza mutu. Nthawi yomweyo anthu awiri oyandikana nawo ankatsika kanjira kudzawapepesa. Amalume anandikokera pafupi n'kutsitsa mawu.

“Za makinazi usazinene apa. Ndawauza kale kuti kamiyawu inathyoka msana panjira. Ukanena, mudzi uno sudzakupatsanso moni.”

Alendowo atakhala pamkeka, anandifunsa ngati kamiyawu yakonzedwa. Amalume ankandiyang'ana. Ndinayankha kuti inde, yakonzedwa.