Phazi pa Konkire Yaiwisi

Kuno ku Joni ntchito yanga ndi yothira konkire pansi pa mashedi akuluakulu osungiramo katundu. Si ntchito yoti ukaitchula anthu n'kucheuka, koma ine ndimanyada nayo mwina mopitirira.

Anandiphunzitsa ndi kapitawo wathu, mdala wa Chizulu wa ku Soweto, munthu wosaseka wamba. Tsiku loyamba, tili pa shedi ina cha ku Fourways, anandiuza kuti, "Wena Malawi, konkire iliyonse imang'aluka. Ntchito yako ndi kuiuza pong'alukira." Ndiye timayala pulasitiki kuti dothi lisamwe madzi a simenti, kenako waya, n'kuthira, n'kusalaza ndi makina aja timawatcha helikopita. Isanaumitsitse timaicheka mizere yowongoka kuti mng'alu ukafuna kubwera uzitsata mzerewo mkati, osaoneka pamwamba. Tikatero timaithirira madzi masiku asanu ndi awiri. Munthu akangopondapo isanaume, mdalayo sakambanso zambiri, amangomulozera kugeti.

Ndinachoka kwathu ku Ntcheu mkazi wanga ali woyembekezera. Kunabadwa mwana wamkazi, ndipo mpaka lero sindinamunyamulepo. Mapepala anga anatha mphamvu kalekale, moti ndikangotuluka m'dziko lino, kubwereranso ndi nkhani ina. Mwanayo amandidziwira pa foni basi, mwakuti ankanditcha adadi a mufoni. Lamlungu lililonse masana ankalanda foni ya mayi ake n'kundiimbira nyimbo za ku Sande sukulu, nkhope ataigunditsa pagalasi, ine n'kumangoona mphuno. Ndinkakhala pabedi m'kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndikuwomba m'manja ndekhandekha ngati wopenga. Mlungu wonse ndinkakhalira mphindi zimenezo.

Ali ndi zaka zinayi, nyumba imene ndinkamangitsa kumudzi inafika poika simenti pansi. Apa m'pamene uJoni unandikwera m'mutu. Ndinati pansi pa nyumba yanga sipadzaoneka mng'alu ngakhale umodzi. Mmisiri wathu anali bambo wachikulire amene anamanga theka la nyumba za m'mudzimo, koma ndinkamulangiza pa vidiyo ngati mwana wa sukulu.

"Bwana wa ku Joni," anatero akuseka, "ndiike simenti yabwinobwino, kenako ndiichekenso? Kumeneko nzeru zinakuchulukirani."

Komabe anachita. Makina ochekera analibe, ndiye anadinda mizere ija ndi chitsulo konkire ikadali yofewa. Mkazi wanga anavomera kutunga madzi ku mjigo mlungu wathunthu, ndowa ndi ndowa, osadandaula.

Tsiku lothira linali Loweruka. Ndili pa nkhomaliro kuntchito, mkazi wanga anaimba pa vidiyo akuseka mpaka misozi.

"Bambo ake, taonani zimene wachita mwana wanuyu!"

Anatembenuza foni. Pakati pa balaza panali phazi limodzi laling'ono, zala zonse zisanu zikuoneka bwinobwino. Mwini phazilo anaima pakhomo, simenti ili m'mwendo, akumwetulira kudikira kuti adadi ake aone.

Ine ndine wa mtima wapachala, anthu amandidziwa. Ndinakalipa. Ndinati kodi mwana ameneyu alibe womuyang'anira, kodi mukudziwa mmene ndimavutikira kuno, muchotseni msanga pamenepo asandionongere ntchito. Anzanga anasiya kudya n'kumandiyang'ana. Ndinalamula mmisiri kuti asalaze pompo konkire isanagwire. Mmisiriyo anayang'ana foni kanthawi, kenako anagwada n'kupititsapo mpeni wake womangira kawiri. Phazi lija linatheratu.

Nditabwerera kuntchito, kapitawo uja, amene Chichewa sachimva, anandifunsa chimene chinachitika. Ndinamufotokozera ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Anangofunsa kuti, "Wajambula chithunzi?" Ndinali ndisanajambule. Mkazi wanganso sanajambule. Ndinaona phazi la mwana wanga kamodzi kokha, kukula kwake kwenikweni, litadindidwa pansi pa nyumba yanga, ine n'kulifufutitsa ndekha. Madzi akatayika saoleka.

Lamlungu lotsatira mwana sanabwere pa foni. Mayi ake anati akusewera. Linzakelo anati wagona, dzuwa lili pamutu. Ndinkamva mawu ake chapatali akulankhula ndi anzake, mtima wanga n'kumawawa ngati wathiridwa tsabola. Ndinamusowa kuposa mmene ndinasowerapo munthu aliyense.

Pansi paja panauma bwino, popanda mng'alu. Akuti anthu ankabwera kudzaona, ndipo mmisiri uja anayamba kudinda mizere m'nyumba za ena. Zoti ndinyade nazo zinalipo, koma sindinazimve kukoma.

Patapita milungu itatu, mkazi wanga anandiuza zoona. Anati chisamukireni m'nyumbamo, mwana sadutsa pabalaza. Amazungulira kuseri, kulowera khomo la kukhitchini. Akamuitana amakana, amati adadi a mufoni akalipa.

Ndinati amupatse foni. Anaima pakhomo la pabalaza paja, foni ataigwirira patali, moti ndinamuona yense bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali atatalika.

"Mwanawe, ndine adadi ako," ndinatero. "Ndinalakwitsa. Nyumbayo ndi yako. Lowa."

"Ndiponde?"

"Ponda, mayi. Ponda paliponse, thamanga, dumpha."

Sanasunthe. Anatembenuka n'kuyang'ana mayi ake, kufuna kumva kwa iwo ngati zimene akunena bambo a mufoniwa n'zoona.