Blasius ndi Kabati ya Makala

Blasius anali wa ku Phalula, koma mphamvu zake zonse anazithera kwa Mposa, m'munsi mwa phiri la Chikala, pa esiteti ya fodya ya mzungu amene antchito ankangomutchula kuti Bwana Ndevu. Anafikako nkhondo yaikulu isanayambe, ali wowonda ngati bango, ndipo kuwondako ndiko kunamupezera ntchito. Chumuni cha nyumba yaikulu chinkafuna munthu wa mapewa ochepa.

Ntchito yake inkatsata nyengo. Chisanu chikamayandikira, ankakwera padenga ndi chingwe chomangirira nthambi zaminga, n'kumachitsitsa ndi kuchikoka m'chumunimo mpaka mwaye wonse utagwa. Ming'alu ankaimata ndi dothi la pachulu kuti utsi usalowe kuchipinda kwa ana. Kuseri kwa nyumba kunali mgolo wotenthetsera madzi osamba, ndipo iye ndiye ankawola phulusa, kupala dzimbiri ndi kumanga mapaipi akayamba kudontha. Dzuwa likafika poswa mtengo, ankapachika ziguduli zonyowa pakhonde kuti mphepo yolowa m'nyumba izizire, n'kumasamalanso kabati ya makala. Kabatiyo inali ya mawaya awiri, pakati atathiramo makala, pamwamba pali chitini chobowola chodonthetsa madzi. Makala akanyowa, mkati munkazizira, batala wa dona osasungunuka.

Ankaikonda ntchitoyo, ndipo sankabisa. Anakakwatira Modester, mtsikana wa kwawo komweko, amene abale ake anamulola monyinyirika kuti apite kutali choncho. Anabereka mwana mmodzi yekha, Sabina, amene ankafa ndi chiseko bambo ake akabwera ali bii, maso okha ali mbee.

M'chaka cha 1949 mvula inakana. Chimanga chinauma chisanafike m'chiuno. Mtsinje umene antchito ankatungako unaphwa, kunangotsala zithaphwi zobiriwira zomwe ng'ombe nazo zinkamwamo. Chitsime cha esiteti chitayamba kutsika, bwana anachikhoma loko, nati madzi ake ndi a nyumba yaikulu basi. Blasius ankatungako ndowa zake kapitawo akuyang'ana, n'kukathira pa makala ndi pa ziguduli, madzi oyera bwino akuthera mumphepo.

Usumani, khukhi wachikulire wa panyumbapo, ndiye anamukokera pambali.

"Achimwene, ikani beseni pansi pa kabatiyo. Odonthawo palibe amawawerengera."

Madziwo ankatuluka akuda, koma Modester ankawasefa ndi kansalu, banja n'kumwa. Vuto linali kuchepa. Masana Sabina, amene anali atangoyamba kugulula mano, ankatsatira anzake kuzithaphwi kuja. Posakhalitsa anayamba kutsegula m'mimba, kenako munayamba kuoneka magazi.

Blasius anavula chipewa n'kuima pakhomo la kukhitchini mpaka dona atatuluka.

"Dona, mwana wadwalika. Ndimati ndimutengere kuchipatala cha mishoni."

Donayo sanakalipe. Analowa m'nyumba, nabwera ndi shuga m'kapepala ndi mapiritsi oyera. Anati alendo a ku Zomba afika mawa, ndipo kutentha kumeneku nyumba siingakhale popanda iye. Alendo akangochoka Lolemba, apite, ngolo ya esiteti idzawaperekeza.

"Inde, dona," anatero Blasius.

Mawu awiriwo anamusautsa moyo wake wonse. Pa njala ngati imeneyo, kuchoka osaloledwa kunali kutaya phoso la ufa limene linkawasunga atatuwo, ndipo iye anaganiza kuti mwana apirira.

Lamulungu masana, alendo akuseka pakhonde, iye ali kuseri kwa ziguduli ndi ndowa, anamva kulira kuchokera kunyumba za antchito. Liwulo analidziwa, linali la Modester. Anatula ndowa pansi pang'onopang'ono kuti isachite phokoso, natsika masitepe, ndipo atapitirira mpanda wa maluwa m'pamene anayamba kuthamanga.

Sabina anamuika pamanda a antchito, kuseri kwa mabani oumitsira fodya. Katekisiti anatsogolera nyimbo, koma anthu analibe mphamvu zoimbira. Atameta, Modester anamanga katundu wake.

"Ine ndikupita kwathu. Tiyeni limodzi, abambo a Sabina."

"Ku Phalula njala yake ndi yomweyi. Kuno kuli phoso, ndizikutumizirani."

"Iyayi, si za ufa. Ndikakuonani mwanyamula ndowa ija, mtima umandinyamuka."

Anapita ndi mlongo wake amene anabwera kumaliro. Blasius anatsala, ndipo ufa ankatumizadi akapeza wopita ku Balaka. Mvula inabwerera, anthu anakolola, koma Modester sanabwerere, iyenso sanamutsatire. Ankachita manyazi kukaonekera kwa apongozi ake, ndipo manda a mwana analibe wina wowalambula.

Zaka zikupita, mwaye unamukhala m'chifuwa. Ankatsokomola zakuda, ndipo pamakwerero ankapumira panjira. Bwana atagula firiji ya palafini, kabati ija anaipereka kuti muziikira nkhuku. Chisanu chotsatira anapeza munthu wina wokwera padenga, namuuza Blasius kuti chifuwa chotere sichiyenera pafupi ndi ana. Anamupatsa bulangete ndi jekete lakale.

Blasius anawoloka Shire pa Liwonde, nayenda mopumira m'midzi mpaka ku Phalula. Anapeza Modester akusenda nandolo pakhonde la nyumba ya mayi ake. Modester anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kumuyalira mphasa pamthunzi.

"Mwana mwamusiya ndi yani?" anafunsa.

"A Usumani alonjeza kuti azilambulapo. Ndinadzalapo nkhadze kumutu kuti pasasowe."

Modester anagwedeza mutu, napita kukamuwiritsira madzi. Sanamulandire ngati mwamuna wake, komanso sanamuthamangitse. Anamukonzera kanyumba ka mlongo wake, ndipo ankamuphikira phala, kumukhazika tsonga chifuwa chikamuthina. Blasius anamwalira chimanga chikumasula. Abale a Modester ndiwo anakumba manda, ndipo Modester anakhala pasiwa mpaka tsiku lometa.