Chitenje cha m'chipinda chomaliza

Mayi wina wopereka malangizo atayamba kubwera kunyumba yosamalira okalamba komwe ndinkagwira ntchito ku Tallaght, kudziko la azungu kuno, mtima wanga unamukana. Ankamwetulira mopitirira. Ankati wabwera kudzatiphunzitsa kasamalidwe ka anthu amene anabadwa amuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi, ndi ena otero. Nanga bwanji maso ake ankangotera pa ife akuda?

Mnzanga wa ku Zambia anandinong'oneza mu sitima ya Luas tikuweruka: "Asisi, muzichenjera naye uja. Report imodzi chabe, permit ya ntchito yapita."

M'chipinda chomaliza munkakhala agogo ena aatali, a mawu aakulu, okonda ndolo. Iwowa ndi amene anabadwa mwamuna. Kunena zoona, nkhani zimenezi sindinkazimvetsa, ndipo kutchalitchi sitinkazikamba n'komwe. Koma kwathu sungavule munthu wamkulu n'kumusiya pambalambanda. Powasambitsa ndinkawafunditsa chitenje changa, dzanja likupukuta kunsi kwake, maso ndayang'ana kumbali.

Tsiku lina mayi uja anagogoda, n'kutipeza tili choncho. Anatseka chitseko n'kubwerera. Mawa lake ndinaitanidwa ku ofesi.

Mayiyo anandifunsa ndi ulemu wake wozizira ngati ndimaphimba thupi la agogowo chifukwa limandinyansa. Ndinapsa mtima mpaka Chizungu chinandithawa. Ndinaganiza za ana anga kunyumba ku Ballymun, amene Chichewa amangochimva koma kuyankha ayi. Ndikabwerera nawo kuti? Ndinati ndimatero ndi aliyense, koma cholembera chake chinkangoyendabe.

Kenako anati tikafunse eni ake. Ndinamutsatira kuchipinda kwa agogo.

Agogo anamvetsera, n'kutambasula dzanja kugwira chitenje chomwe ndinachiyanika pampando. Anati moyo wawo wonse madokotala akhala akuwavula, kuwayang'anitsitsa, mpaka kuitana anzawo kuti adzaone nawo.

"Uyu yekha ndiye sanandionerepo," anatero akundiloza. "Musandichotsere."

Ntchito yanga inapulumuka. Mayi uja anapepesa, nati za kufunditsazi aziika m'malangizo atsopano. Kaya anaziikadi, kaya. Mpaka lero sindidziwa ngati anabwera kudzatiphunzitsa kapena kudzatitchera msampha, ndipo akamwetulira ndimayang'ana pansi.

Chitenje chija sichinabwererenso kunyumba. Agogo anakana nacho, ankachifunda pamiyendo ngakhale kukutentha. Atamwalira m'nyengo yozizira, achibale awo anandifunsa ngati ndikuchifuna. Ndinati ayi, awafunditse apite nacho, anthu awaona mokwanira.