Tsiku limene Orla anakana tiyi wa mayi Nachisale

Lolemba lapitali munthu wina anakana tiyi kuntchito kwathu, ndipo nkhani yake inakathera kuchimbudzi. Musaseke, dikirani ndifotokoze.

Ndimagwira ntchito pakampani ina yolongedza zipangizo za m'zipatala ku Mulhuddart, kuno kudziko la Aairishi. Ine ndimakhala pafoni kuyankha makasitomala, pamene mnzanga wochokera kumudzi, mayi Nachisale, amalongedza katundu m'makatoni. Ndi mayi wachikulire wa ku Dedza, kolona sichoka m'thumba mwawo, ndipo akaimba m'kwaya mawu awo amamveka mpaka panja pa tchalitchi. Lamulungu mdzukulu wawo anabatizidwa, ndiye Lolemba anatulukira ndi beseni la mandasi ndi fulasiki yaikulu ya tiyi wajinja.

Nthawi yopuma aliyense analandira, Aairishi, a ku Poland, a ku Nigeria, mpaka bwana wathu Declan, amene anadya mandasi ngati wabwera ndi njala ya dzana. Orla yekha anatenga mandasi koma tiyi anakana.

Orla ndi wa konkuno, kwawo ndi ku Skerries, ndipo ndiye amaona za katundu wotuluka pakompyuta. Pamene tinkamudziwa koyamba anali ndi dzina lachimuna, ndipo tonse tinkamutenga ngati mwamuna. Atabwerako kutchuthi cha Khirisimasi anatiuza kuti kuyambira ali mwana ankadziwa mumtima mwake kuti iye ndi mkazi, kuti watopa kubisa, kuti madokotala akumuthandiza, ndipo dzina lake tsopano ndi Orla. Kuno anthu otere amawatchula kuti transgender. Tsiku limenelo mayi Nachisale anachita chizindikiro cha mtanda n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, dziko lapita." Sanamunyozepo ayi, koma moni wawo unafupika.

Tsono inu mukudziwa kuti mayi wa kwathu ungamukanire zambiri, koma osati chimene waphika ndi manja ake.

"Kodi tiyi wangayu ali ndi chiyani?" anafunsa mayi Nachisale m'Chingerezi chawo chosaopa munthu. "Kapena akununkha?"

Orla anafiira nkhope. Anayang'ana kuwindo, kumene mvula inkamenya ngati yatumidwa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tiyi wanu akununkhira bwino, amayi. Koma ndikamwa ndifuna kupita kuchimbudzi, ndipo lero mvulayi sindingathe kuwoloka msewu."

"Msewu? Chimbudzi si icho apo?"

Ndi pamene zinaululika. Mavuto a zachuma amene akuwatcha recession atakula, kampani inachotsa anthu ambiri ntchito n'kubweza chipinda cham'mwamba kwa mwini nyumba. Kumwambako kunali kachimbudzi ka munthu mmodzi kolowa aliyense, ndipo ndi kamene Orla ankagwiritsa ntchito. Atakiya kumeneko, pansi panatsala zimbudzi ziwiri, cha abambo ndi cha amayi. Cha abambo sakanalowanso, atavala siketi, pakati pa anyamata oyendetsa malole ndi nthabwala zawo. Cha amayi ankaopa kuti wina akuwa. Anafunsa kwa Declan, ndipo Declan anati afunsa kulikulu. Kulikulu kunangoti zii.

Ndiye kwa miyezi yonseyi Orla ankachoka kwawo m'mawa osamwa kanthu, kukwera sitima ndi basi kukhosi kuli gwa, ndipo zikamuvuta masana ankawoloka msewu waukulu kupita kuchimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta. Ife tinkangoti amakonda masangweji a kumeneko.

"Bwanji osadandaula mwamphamvu?" ndinamufunsa.

Anaseka pang'ono. "Masiku ano? Akafuna kuchotsa wina amayambira amene amavutitsa. Mayi anga amadalira ine."

Mayi Nachisale anaika fulasiki pansi. Anatembenukira kwa ine n'kulankhula m'Chichewa. "Ndiye mwana wa eni wakhala akuuma kukhosi tsiku lonse, ife tikungomwa apa?"

"Ndi mmene zilili, amayi."

"Ayi, zimenezo ndiye ayi."

Anathira tiyi kapu yodzaza, n'kuikankhira kwa Orla. "Imwa." Orla anamwa. Anamuthiriranso, anamwanso. Kenako tonse tinabwerera kuntchito, koma kunena zoona palibe amene ankagwira ntchito. Tinkangoyang'ana mozemba. Patapita kanthawi Orla anayamba kusuntha pampando. Mayi Nachisale anavula magolovesi, anapita pamene Orla anakhala, anamugwira mkono ngati akuperekeza mkwatibwi, n'kunena kuti, "Tiye." Anayenda naye pakati pa makatoni, mutu uli m'mwamba, mpaka kuchitseko cha amayi. Anamulowetsa, iwo n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno.

Ine ndinaseka mpaka kasitomala pafoni anafunsa ngati ndili bwino.

Koma musaganize kuti aliyense anawomba m'manja. Breda, mayi wa ku Finglas amene wakhala pakampanipo kuposa tonsefe, anatuluka m'chimbudzimo nkhope ili yolimba. Masana anauza Declan kuti iye sanafunsidwe, ndipo sakumasuka. Declan anagwira mutu. Anati afunsanso kulikulu. Apa amayi tinakana. Tinati kulikulu kulibe amene amalowa m'chimbudzi chimenechi, tikambirana tokha.

Lachiwiri tinakhala pansi m'kantini, amayi okhaokha, Orla ali pomwepo. Breda analankhula, ndipo ndikufuna mumve bwino chimene ananena, chifukwa sanali munthu wankhanza. Anati iye amasinthira zovala zantchito m'menemo, pabwalo pafupi ndi masinki, chifukwa tizipinda ta zimbudzito n'topanikiza, ndipo maloko a zitseko ziwiri anathyoka kalekale. Anati anachitidwa opaleshoni ya bere ndipo safuna kuonedwa ndi munthu aliyense, ngakhale ife. Anakhala akupirira chifukwa anatizolowera, koma tsopano mtima wake sukukhazikika.

Amene anayankha ndi Orla. Anati, "Breda, inenso chimene ndimaopa kwambiri ndi kuonedwa. Ndikufuna kulowa, kutseka chitseko, kusamba m'manja, n'kutuluka. Basi."

Mayi Nachisale anamenya tebulo. "Ndiye vuto ndi maloko! Anthu awiri mukuopa chinthu chimodzi, n'kumaopana nokhanokha?"

Breda anayesa kusunga nkhope yolimba koma zinakanika, anaphulika kuseka. Lachitatu Declan anabwera yekha ndi sikuludiraiva ndi maloko atsopano, akuoneka wosangalala kuti wapeza vuto loti angathe kulikonza ndi manja. Kachipinda kosungiramo matsache anakasesa, anaikamo benchi ndi chokolekera zovala, kakhala kosinthiramo munthu mmodzimmodzi. Alipo mayi wina amene mpaka pano amadikira kuti Orla atuluke kaye asanalowe iye. Palibe amene akumukakamiza, ndipo nayenso sakuletsa mnzake.

Pobwerera kunyumba pabasi ndinawafunsa mayi Nachisale. "Amayi, si inu munati dziko lapita?"

"Ndinatero," anayankha osachita manyazi. "Mpaka lero zambiri sindikuzimvetsa. Zoweruza ndasiyira Mwini wake, ndi amene anamulenga. Koma chikhodzodzo ndikuchidziwa, mwanawe. Ndabereka ana asanu ine."

Abale anga, makamaka inu amayi anzanga, ndani mwa ife sadziwa ululu umenewu? Ndani sanakwerepo basi ya ku Mzuzu osamwa madzi kuchokera ku Blantyre, poopa kuti dalaivala akaima pathengo abambo angotembenuka, iwe n'kumasowa kolowera? Ndani sanagulitsepo kapena kugula mumsika umene chimbudzi chake n'chokiya, mwini kiyi sakudziwika kumene wapita? Timadziwa mmene mutu umawawira, mmene munthu umalephera kuganiza china chilichonse.

Ndipo ife amene tili kunja kuno timadziwanso kulowa m'chipinda maso onse n'kutembenukira kwa iwe. Timadziwa kumeza mawu pantchito chifukwa mapepala ako ndi lendi yako zili m'manja mwa bwana. Masiku ano a recession tonse tasanduka anthu oti "zili bwino, bwana," ngakhale pamene sizili bwino.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga mutakwinya nkhope. Mukuti izi si za kwathu, mukuti chikhulupiriro chathu sichilola. Sindikukuuzani kuti musinthe chikhulupiriro. Mayi Nachisale sanasinthe, Lamulungu likubwerali akaimba m'kwaya monga mwa nthawi zonse. Sindikunenanso kuti mantha a amayi ngati Breda ndi opanda pake. Tikanawapeputsa, bwenzi maloko aja akadali othyoka. Chimene ndikunena n'chakuti nkhani zimenezi tikamazikamba patali, pawailesi kapena pamaliro, zimaoneka ngati phiri. Ukayandikira umapeza munthu amene uli naye pantchito, amene ali ndi mayi ake okalamba, amene akungofuna kudzithandiza n'kubwerera pakompyuta yake.

Lachisanu, titatsala pang'ono kuweruka, kuchimbudzi kunali mzere monga mwa masiku onse, aliyense akufuna kudzikonza asanathamangire basi. Orla anali pagalasi akulimbana ndi tsitsi lake, Breda ali pambali pake akumuuza kuti mtundu wa lipisitiki umenewo sukumukhala. Mayi Nachisale anadikira, anadikira, kenako anatopa.

"Iwe Orla! Galasilo ndi la amako? Tachoka apo, anzakonso tili ndi nkhope!"

Anakalipa m'Chichewa, koma sipanafunike womasulira. Orla anasuntha msangamsanga akuseka, ndipo titatuluka panja ndinaona kuti akupukuta m'maso.

"Wakhumudwa?" ndinamufunsa. "Ndi mmene amalankhulira, usawatengere."

Anapukusa mutu. "Ayi. Chiyambire Khirisimasi aliyense amandilankhula mosamala, ngati ndine dzira. Lero ndiye ndakalipiridwa ngati wina aliyense."

Basi inabwera, tinakwera tonse, mayi Nachisale akudandaulabe kuti atsikana a masiku ano amachedwa pagalasi.

Tsono inu, kuntchito kwanuko, ndani amene mukumulankhula mwaulemu kwambiri chifukwa choti simukufuna kumuyandikira?