A Makiyi ndi Tsamba la Maliro

A Makiyi ankayamba ntchito ndi maliro. M'mawa uliwonse, asanavule n'komwe jekete, ankatenga nyuzipepala pa tebulo la alendo n'kuitsegula cha kumapeto, kumene amalembako za anthu omwalira. Ankayendetsa chala pa dzina lililonse, milomo ikugwedera. Akamaliza ankaipinda bwinobwino n'kunena kuti, "Lero athu onse ali moyo." Akatero m'pamene ankapita kukatsegula chipinda cha mafayilo.

Ndinagwira nawo ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu mu ofesi ya maloya, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ine ndinali wotayipa, iwo wosunga mafayilo. Dzinalo linachokera pa mtolo wa makiyi umene unkalendewera pa lamba wawo. Tinkawamva akukwera masitepe tisanawaone. Anali aafupi, phewa limodzi lopendekeka chifukwa chosenza makatoni. Sukulu sanapite nayo patali. Koma loya akangoti, "Mlandu uja wa mpanda, wa mayi wolongolola uja," iwo ankalowa m'chipindamo n'kutuluka ndi fayiloyo tiyi asanazizire.

"Athu" amene ankawanenawo anali anthu a m'kabati yachitsulo ya pakona. Munthu akabwera kudzalemba wilu, kunena mmene katundu wake adzagawidwire iye akadzapita, ine ndinkatayipa, mwiniwake n'kusaina. Mboni zinali a Makiyi ndi mwini sitolo ya pansi ija. Kenako pepalalo linkamatidwa mu envulopu yakhaki, chidindo pamwamba, n'kulowa m'kabati. Ambiri sankawauza abale awo, poopa kuti ana angayambe kuwawerengera masiku. Tsono munthu wotere akamwalira, pepala silingafuule lili m'kabati. N'chifukwa chake a Makiyi ankawerenga tsamba lija. Akapezapo dzina lodziwika, ankaima pafupi ndi tebulo langa n'kunena motsitsa mawu, "Mayi, mmodzi wapita." Maliro akangoikidwa, iwo anali atafika kale pakhomopo kukauza banja kuti kuli pepala.

Palibe anawalamula ntchito imeneyi, ndipo sinalembedwe paliponse. Ine ndinkaidziwa kulemera kwake. Amuna anga anamwalira osalemba kanthu, ndipo alamu anga anatenga ndi bedi lomwe. Nditabwerera ku ntchito, a Makiyi sanandifunse kuti wotayipa wilu za anthu analekeranji ya kunyumba kwake. Loweruka lake anangofika kwathu ndi mipando iwiri pa njinga.

Ofesi yathu sinagwe tsiku limodzi. Inkangochepa, ngati sopo. Anthu anayamba kubwera ndi mayankho awo kale, otenga pa foni, n'kumakangana ndi a Mkulu, mwini ofesi, za lamulo limene iwo analigwiritsa ntchito kuyambira anthuwo asanabadwe.

"Masiku ano aliyense ndi loya," a Mkulu ankatero, "bola foni ikhale ndi moto."

Maloya achinyamata tinkawaphunzitsa ife, mpaka kamangidwe ka fayilo, koma akangodziwa njira ya kukhoti ankapita ku maofesi akuluakulu. Makampani amene ankatipatsa ntchito anayamba kufuna ofesi ya maloya makumi atatu, yoyankha nthawi iliyonse. Mwana wa a Mkulu anakana za uloya. Mapeto ake a Mkulu anatiitana n'kutiuza kuti ofesi yathu ilowa mu ina yaikulu, ya m'nyumba yamagalasi, ndipo iwo akupita kukapuma.

Kumeneko zinthu ankayendetsa ndi a Manijala, munthu waulemu ndithu, koma sanali loya. Tsiku loyamba anayang'ana chipinda cha a Makiyi, mashelefu mpaka kudenga, n'kupukusa mutu.

"Bambo, pepala limadya malo. Kwathu kulibe chipinda chotere."

Lamulo lawo linali ili: mafayilo a milandu yomwe ikuyenda ajambulidwe alowe mu kompyuta. Otsekedwa apite ku nyumba yosungira katundu kunja kwa mzinda, ndipo fayilo imene yatha zaka zisanu ndi ziwiri osakhudzidwa, kampani ya kumeneko iziwononga yokha. Ine ndinapatsidwa ntchito yolemba mu kompyuta dzina la fayilo iliyonse ndi tsiku limene inakhudzidwa komaliza.

A Makiyi anatsegula kabati yachitsulo n'kuwaonetsa maenvulopu mazana awiri ndi khumi ndi anayi.

"Awa ndi ena, bwana. Samatulidwa, ndiye sangajambulidwe. Komanso pamafunika munthu woyang'ana amene wamwalira."

"Ikani m'katoni yawoyawo, tidzaona," anatero a Manijala, maso ali pa foni.

Nditafika pa katoni imeneyo ndinapeza kuti kompyuta ikungodziwa mitundu iwiri: fayilo yotseguka ndi yotsekedwa. Ndinakafunsa a Manijala.

"Pali loya amene akugwirapo ntchito panopa?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye ndi yotsekedwa, Amayi."

Ndinalemba choncho, envulopu iliyonse ndi tsiku la pa chidindo chake. Ena anali a zaka khumi, ena makumi awiri. Ndinkadziwa kuti sizili bwino, sindikana. Wilu imagona, kugonako ndiyo ntchito yake, mpaka tsiku limene idzafunike. Koma ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, mwana wanga wotsiriza ali ku koleji, ndipo mwa antchito akale anangotenga ine ndekha. Ndinadziuza kuti asanawononge kanthu, wina adzayang'ana kaye. A Makiyi sindinawauze mmene ndinalembera.

Iwo anawatsanzika ndi ambulera ya dzina la kampani. Kabuku kawo ka mayina a m'kabati anakaika pamwamba m'katoni momwemo, chifukwa ankati chinsinsi cha kasitomala sichituluka pakhomo. Mtolo wa makiyi uja anausiya pa tebulo langa. Anatsika masitepe opanda phokoso, koyamba chiwadziwireni.

Panapita zaka ziwiri. Ndinkamva kuti m'mawa uliwonse amaima pa wogulitsa nyuzipepala wa pa siteji ya basi, amene ankawalola kutsegula tsamba limodzi lokha osagula.

Lachiwiri lina mlonda wa pansi anandiimbira kuti pali madala ena akukana kuchoka. Nditatsika ndinawapeza ataima pafupi ndi chikepe, ambulera ija ili m'khwapa ngakhale kunja kunali dzuwa.

"Mayi, mmodzi wapita. Wowotcherera zitsulo uja."

Ndinamukumbukira nthawi yomweyo. Anali bambo amene maso ake anapsa ndi moto wa ntchito yake. Anabwera ku ofesi yakale atagwiridwa dzanja ndi mwana wamkazi womupeza, wa malemu mkazi wake wachiwiri. Anamuuza kuti adikire pansi m'sitolo ya nsapato, kenako anatiuza zoti tilembe: zipangizo ndi shedi kwa ana ake aamuna awiri, nyumba kwa mwana womupezayo.

"Anga enieni amandikumbukira pa foni," anatero. "Uyu amandisambitsa."

Atasaina, a Makiyi atamuika chala pa mzere, bamboyo anawagwira mkono. "Ndikadzapita mudzabwere msanga, akulu. Anyamata angawo sachedwa."

Ndinawauza a Makiyi kuti adikire, ndinakwera kukayang'ana. Dzinalo linalipo. Pambali pake panali mawu amodzi: yawonongedwa. Tsiku lake linali la miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo. Ndinatsika ndi mndandanda wonse wa katoni ija. Anatsala maenvulopu asanu ndi anayi okha, a zaka za posachedwa.

Ndinalowa kwa a Manijala ndisanagogode, chinthu chimene sindinachitepo. Anamvetsera, nkhope yawo inasintha ndithu. Koma anati, "Mpaka pano palibe amene wadandaula."

"Amoyo sakudziwa, bwana. Akufa adandaula bwanji?"

Anati nkhaniyi ipita kwa maloya akuluakulu, ndipo pasatuluke kalata kapena mawu kwa aliyense mpaka iwo ataiganizira. Akuiganizirabe mpaka lero.

Potsika ndinadutsa masitepe, kuti ndichedweko. A Makiyi anandimvetsera osaphethira.

"Mwina asokoneza katoni," anatero.

"Sanasokoneze, achimwene. Ndinalemba ndine kuti ndi otsekedwa. Ndinkadziwa za zaka zisanu ndi ziwiri zija."

Ndinkafuna atandikalipira.

"Ndi kabuku komwe?"

"Ndi kabuku komwe."

"Loweruka muli ndi chochita?" Ndi zokhazo zimene ananena.

Loweruka tinapita. Nyumbayo inali ya zipinda zitatu, mawindo ake a zitsulo zopinda ngati masamba, ntchito ya manja a malemuyo. Pabwalo panali ana aamuna awiri aja, wina ali ndi tepi yoyezera. Mwana womupeza uja, mayi wa zaka ngati makumi anayi tsopano, ankachapa zofunda za malemu pa mpopi. Ndi iye anatipatsa mipando.

A Makiyi anavula chipewa n'kufotokoza zonse mwadongosolo: kuti ndi ndani, kuti bambo awo anabwera liti, kuti ananena chiyani.

Wamkulu anapinda tepi yake. "Chabwino, madala. Pepalalo lili kuti?"

"Linawonongeka."

"Ndiye mwabwera ndi chiyani?"

"Ndi pakamwa, mwananga. Ndinali mboni."

"Pakamwa tili napo ifenso. Mboni inayo?"

"Anamwalira chaka chatha."

Wamng'ono anaseka, natembenukira ku mpopi. "Achemwali, agogowa mwawatola kuti? Mukanapeza a suti, bwenzi tikuopako."

Mayiyo anapukuta manja pa diresi n'kubwera kudzagwada pafupi ndi ine.

"Amayi, inu ndi amene munatayipa? Ananenadi choncho?"

Ndinamuuza mawu ake enieni, a foni ndi a kusambitsa, alongo akewo akumva. Wamng'ono uja anasiya kuseka, koma wamkulu anali atayamba kale kuyeza khonde. Ndinamuuzanso mayiyo kuti mwina khoti likhoza kumva umboni wathu, ndipo ine ndikaima, ngakhale ntchito ithe. Mawu amenewo ndinawanena mochedwa ndi zaka ziwiri.

"Ndikalimbane ndi ana ake, m'khoti, ndi dzina lake pakati?" Anapukusa mutu. "Ndikanakhala ndi pepala, bwenzi olankhula ali bambowo, osati ine. Basi, ndamva. Ndimaganiza kuti anangopita osandiganizira."

Anabwerera ku mpopi kukamaliza zofunda zija. Pakutha pa mwezi anatuluka m'nyumbamo ndi zikwama ziwiri. Ndinamva kuti akusamalira nkhalamba ina kutsidya kwa mzinda, ndipo amagona pa khonde la m'kati.

Chichokereni tsiku limenelo a Makiyi sawerenganso tsamba la maliro. Akuti kuwerengako n'kwa munthu amene ali ndi choti akapereke. Anagula kope la ana a sukulu, ndipo akulembamo mayina amene akuwakumbukira, kuti akawapeze eni ake akadali moyo n'kuwauza kuti akalembenso. Amayenda pansi. Ena amawathokoza, ena amawatukwana ngati kuti anang'amba ndi iwo, ena anasamuka. Pa makomo anayi anapeza kuti munthuyo anapita kale, katundu n'kugawidwa. Ku ofesi anandifunsa ngati ndikudziwa amene akuuza anthu nkhaniyi. Ndinati ndikudziwa, ndipo sanafunsenso.

Mndandanda wa mu kompyuta anautseka sabata yomweyo imene ndinalowa kwa a Manijala; ine sindingautsegulenso. Ndinali nawo pamaso panga tsiku lija, mayina onse, ndipo sindinaganize zolemba ngakhale limodzi. Ndimapitabe ku ntchito. Nkhaniyi ndinaiika pamaso pa Mulungu, ndipo ndikukhulupirira kuti anandimva, koma nyumba ya mawindo a masamba ija muli anthu ochita lendi.

Lamlungu lililonse ndikamachokera ku tchalitchi ndimawapeza a Makiyi pa geti langa ndi kope lawo. Timakhala pa mipando yawo iwiri ija n'kumakumbutsana. Tafika pa mayina makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Miyezi yoyamba ankabwera asanu, asanu ndi limodzi pa tsiku. Tsopano pamatha masabata.

Dzulo anati, "Mayi, panali bambo wina wa chala choduka, ankagwira ntchito ku njanji. Anabwera mvula ikugwa, munamubwereka thaulo. Anasiyira munda mlongo wake wosamva uja."

Ndinamuona bwinobwino bamboyo, madzi akudontha pa chipewa chake. Dzina lake ndinalitayipa ndi zala zanga zomwezi, kanayi pa pepala limodzi. Ndinatseka maso, ndinayendetsa zala pa bondo ngati ndili pa makina. Silinabwere.

A Makiyi anadikira. Kenako analemba nambala yotsatira, n'kusiya mzerewo wopanda kanthu.